Tete alibe pokhala pake ku Maputo

Mukafunsa munthu pa msika wa Ulónguè kuti phungu wake ndani, ambiri amangotchula chipani. Si umbuli ayi. Povota timachonga chipani, ndipo chipanicho ndicho chimandandalika mayina a anthu okalowa mu Assembleia da República, nyumba ya malamulo ya dziko lathu la Mozambique. Nyumbayo ndi imodzi yokha, ya aphungu 250, ndipo mipando imagawidwa potengera kuchuluka kwa olembetsa m'chigawo chilichonse. Nampula amatenga yoposa 40, ife a Tete yongopitirira 20, Niassa yosafika n'komwe 20.

Ine ntchito yanga ndi yogula kachewere kwa alimi a ku Tsangano n'kukagulitsa mumzinda wa Tete. Tikamadutsa pa Moatize, fumbi la malasha limadetsa matumba ndi malaya omwe. Magetsi ambiri a Cahora Bassa amapita ku South Africa pamene kwathu midzi ina ikadalira tochi. Mabanja anasamutsidwira ku Cateme kuti migodi itseguke. Koma malamulo a zonsezi amadulidwa ku Maputo, ndipo phungu wochokera kuno akafika kumeneko amavota monga chagamulira chipani chake. Zimandiwawa kwambiri, n'chifukwa chake ndimati pakufunika nyumba yachiwiri ya malamulo, yoimira zigawo.

Ku South Africa anakonza mwina. Nyumba zawo ndi ziwiri, zonse ku Cape Town. Yoyamba, National Assembly, ili ndi aphungu 400 osankhidwa ndi anthu. Ndiyo imasankha pulezidenti ndipo ikhoza kumuchotsa, malamulo a ndalama za boma amayambira mmenemo, ndipo wotsogolera zokambirana ndi sipikala. Yachiwiri, National Council of Provinces, ndi ya zigawo. Ili ndi nthumwi 90, chigawo chilichonse mwa zisanu ndi zinayi chimatumiza 10. Gauteng, mmene muli anthu ankhaninkhani, amatumiza 10, Northern Cape wa anthu ochepa nayenso 10. Mwa khumiwo, asanu ndi mmodzi amakhala komweko nthawi zonse, anayi amabwera malinga ndi nkhani, ndipo pakati pa anayiwa pali mkulu wa boma la chigawo kapena womuimira.

Chimene chimandikopa ndi kavotedwe kake. Lamulo likakhala lokhudza zigawo, monga la sukulu kapena zipatala, nthumwi sizivota aliyense payekha. Chigawo chonse chili ndi voti imodzi, ndipo nyumba ya malamulo ya kuchigawoko ndiyo imauza nthumwizo kuti mukavomere kapena mukakane. Kuti lamulo lidutse pamafunika zigawo zisanu. Nyumba ziwirizi zikasemphana, pamakhala komiti yoyanjanitsa, anthu asanu ndi anayi mbali iyi, asanu ndi anayi mbali inayo. Akalephera kumvana m'masiku 30, lamulo limene linayambira m'nyumba yoyamba limagwa, pokhapokha magawo awiri mwa atatu a aphungu ake alivomerenso. Pa malamulo ena ambiri nyumba yachiwiri imangolangiza, mawu omaliza ndi a yoyamba.

Sikuti nyumba yachiwiri iliyonse ndi yotero. Ku Britain a House of Lords sasankhidwa ndi anthu, ndipo mphamvu yawo n'kukonza ndi kuchedwetsa lamulo pafupifupi chaka basi. Ku Zimbabwe, mwa maseneta 80, mipando 18 ndi ya mafumu ndipo iwiri ndi ya anthu olumala. Abale athu a ku Malawi, kutsidya kwa Calómuè, analemba nyumba yachiwiri yotchedwa Senate m'malamulo awo a 1994, momwe mukanakhala mafumu ndi oimira maboma, koma inachotsedwa mu 2001 isanakhalepo pansi ngakhale tsiku limodzi.

Mlamu wanga, amene amaphunzitsa ku Dómuè, amati zonsezi n'kungochulukitsa odya: malipiro, magalimoto, nyumba ku Maputo. Amatinso wobweza lamulo tili naye kale, chifukwa Pulezidenti akhoza kukana kusainira n'kulibwezera kwa aphungu. Za ndalamazo akunena zoona, ndipo nyumba yongodzaza anthu a zipani zomwezo nanenso sindingaifune. Koma Pulezidenti saimira Tete, amaimira dziko lonse. Amene nsabwe ikumuluma ndiye amadziwa poyabwa.

Ndipo maziko alipo kale. Kuyambira 2009 timavotera Assembleia Provincial, nyumba ya oimira anthu m'chigawo, ndipo kuyambira 2019 bwanamkubwa wa chigawo amachokera m'mavoti athu. Chikusowa ndi njira yoti zimene agwirizana mumzinda wa Tete zikafike ku Maputo ngati voti, osati ngati dandaulo. Itakhalapo njirayo, nkhani yoyamba imene ndingafune nthumwi zathu zikaitule ndi ya 2.75 peresenti ya msonkho wa migodi imene imabwerera kwa anthu okhala pafupi ndi migodiyo: akafunse ngati ikukwana, ndiponso ngati ikufikadi ku Moatize ndi ku Cateme.