Chingwe cha mfundo 20: pomwe ndafika pa sabata ya 12

Lero akwana masabata 12 chiyambireni kukhala chete ndi kusinkhasinkha m'mawa uliwonse, ndiye ndati nditsegule kope langa ndikuuzeniko pomwe ndafika. Kope lake ndi lomwe ndimalembamo miyezo ya makasitomala. Kutsogolo kuli ziuno ndi mapewa a anthu, kumbuyo ndi kumene ndikulemba zanga zamumtima. Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina pano pa boma la Dedza. Ndinayamba zimenezi pa 2 Juni chifukwa chosowa tulo. Ndinkadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku, basi mutu n'kuyamba kuzungulira ngati makina opalasidwa popanda nsalu, singano kumangogogoda pachabe mpaka tambala woyamba.

Sabata 1 ndi 2

Ndinayamba ndi mpweya wokha. Hafu 4 m'mawa, ana asanadzuke, ndimakhala pampando msana uli chilili, mapazi onse pansi, manja pantchafu. Tsiku loyamba ndinawerenga kapumidwe kanga ndi wotchi ya pafoni, ndinapeza kuti ndikupuma ka 17 pa mphindi imodzi. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma pakati pa ka 12 ndi ka 20, choncho sanali matenda, koma mpweya wake unali wam'mwamba, wongothera pachifuwa.

Chimene ndimachita ndi ichi: kukoka mpweya ndi mphuno ndikuwerenga mpaka 4, kuutulutsa pang'onopang'ono ndikuwerenga mpaka 6. Ukatero umapuma pafupifupi ka 6 pa mphindi. Nkhani yagona potulutsapo. Tayesani kuika zala pamtsempha wa pamkono, mumva nokha kuti pokoka mpweya mtima umafulumira pang'ono, potulutsa umabweza moto. Pali mtsempha wotchedwa vagus wochokera ku ubongo, wodutsa m'khosi kukafika kumtima ndi m'mimba, umene umagwira mtima ngati buleki ya njinga, ndipo umagwira kwambiri pamene tikutulutsa mpweya. Thupi linamvera msanga. Maganizo okha ndi amene anakana.

Sabata 3 ndi 4

Apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kusiya. Ndinkaganiza kuti kusinkhasinkha ndi kuchotsa chilichonse m'mutu, ndiye ganizo likabwera ndinkalimbana nalo, ilo n'kubwera ndi anzake. Kenaka ndinasintha nzeru. Ndinatenga nyemba zodzaza dzanja ndi mbale ziwiri. Ndikangozindikira kuti maganizo achoka pa mpweya, ndimasuntha nyemba imodzi kupita mbale inayo, osadzikalipira, n'kubwerera kukawerenga. Tsiku loyamba pa mphindi 15 zinasamuka nyemba 41.

Ndikamaliza ndinkalemba zomwe ndakumbukira kuti ndimaganiza chiyani. Ndinkayembekezera kuti zambiri zikhala za ndalama, za ngongole ya ku banki mkhonde, za mayunifolomu amene sindinamalize. Zinalipo ndithu. Koma patatha masiku khumi nditawerenga kopelo ndinaona dzina limodzi likubwerabwera tsamba lililonse: achimwene anga. M'mutu mwanga ndinkakhala ndikukangana nawo za dimba la malemu amayi ku Bembeke. Ine kuyankhula, iwo kuyankha, ine kuwapezera yankho lina lowawa kuposa loyamba. Anthu tatha zaka zitatu osayankhulana bwinobwino, koma m'mutu mwanga tinkakumana kangapo dzuwa lisanatuluke. Ndisanayambe za nyembazi, mukanandifunsa ndikanalumbira kuti nkhani imeneyo ndinaitaya kalekale.

Sabata 5

Ili ndikulemba kuti wina asadzabwereze. Mukudziwa mmene kumazizirira kuno mu Julayi. Tauni yathuyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chiperoni chikatsika m'phiri zala zimakana ngakhale kulowetsa ulusi pasingano. Tsiku lina ndinalowetsa mbaula m'chipinda, ndinatseka chitseko ndi zenera, n'kukhala pansi. Posakhalitsa thupi linalemera, mutu unapepuka, maso analemera, ine mumtima n'kumati lero ndiye ndafika pozama. Mwana wanga wamkulu ndi amene anatsegula chitseko kudzafuna machesi. Nditaimirira ndinachita chizungulire, mutu unandiwawa tsiku lonse mpaka ndinasanza. Sikunali kuzama kwa maganizo ayi. Makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha, umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi, ndipo anthu amafa nawo ali m'tulo. Chonde abale, mbaula ikhale panja. Panopa ndimangofunda bulangete ndi kuvala masokosi awiri.

Sabata 6 mpaka 8

Nditazolowera kukhala chete mphindi 20 ndinayamba kuyesa hypnosis yodzichita wekha, njira yokhazikitsa maganizo pa chinthu chimodzi n'kumadziuza mawu chamumtima. Dzinali limaopsa anthu. Mlamu wanga atamva anandifunsa mwaulemu ndithu kuti, "Alamu, zimenezi si zamatsenga? Mzimu wanu ukapita osabwerera?" Ndinamvetsa nkhawa yawo chifukwa inenso ndinali nayo. Ndinawafotokozera zimene ndimaona: palibe kumene umapita. Umamva galu akuuwa, umamva lole ikutsika giya pamsewu wa M1, ndipo ukafuna kudzuka umangodzuka. Kusiyana kwake n'kwakuti maganizo amasonkhana pa chinthu chimodzi, zina zonse zimakhala ngati zikuchitikira kutali, monga zimakhalira ukamasoka kolala yovuta munthu n'kukuitana kawiri iwe osamva.

Amene anatchukitsa dzinali ndi James Braid, dokotala wa ku Scotland yemwe ankagwira ntchito ku Manchester. M'chaka cha 1841 anakaonera munthu wina akuchita zimenezi pagulu, ndipo atafufuza anapeza kuti palibe mphamvu yachilendo imene imachoka mwa wina kulowa mwa mnzake. Chimene chimagwira ntchito ndi kuyang'anitsitsa chinthu chimodzi mpaka maso atatopa ndi maganizo atakhazikika. Dzinalo linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza tulo, ngakhale kuti munthu sakhala m'tulo. Ine ndinabaya phini wa mutu wofiira pakatani, pamwamba pang'ono pa maso anga. Ndimamuyang'ana osasuntha mutu mpaka zikope zitalemera zokha, ndiye ndimatsinzina.

Kuchoka apo ndimatsata njira ya dokotala wa ku Germany, Johannes Schultz, imene anaifalitsa mu 1932. Umadziuza chamumtima, mosakakamiza, kuti dzanja langa lamanja likulemera, kubwereza kangapo, kenaka kuti dzanja langa lamanja likufunda. Masiku asanu ndi awiri oyamba sindinamve kanthu. Tsiku lachisanu ndi chitatu, pa 14 Julayi, kunja kuli chifunga choti sungaone nyumba ya aneba, ndinamva kutentha kukuyamba pakati pa chikhatho, kukutsikira ku chala chachikulu, kenaka ku chala chapakati chimene chili ndi chikanga cha sizasi. Nsonga za zala zinayamba kuchita nyerenyesi. Nditamaliza ndinagwira tsaya langa ndi manja onse awiri, lamanja lofunda, lamanzere lozizira ngati mwala wa kumtsinje. Chimachitika n'chakuti thupi likamasuka timitsempha ta magazi ta m'zala timatseguka, magazi n'kumafika ambiri. Kumva dzanja lako lomwe likumvera mawu ako kumapatsa chimwemwe china chake. Ndinapita kuntchito ndikumwetulira ndekha.

Anthu timasiyana pa zimenezi. Ena amalowa mozama msanga, ambiri timakhala pakatikati, ena samva zambiri ngakhale atayesetsa. Ine ndili pakatikati, ndipo zikundikwanira.

Za chingwe tsopano. Émile Coué, wa ku France, amene ntchito yake inali yosakaniza ndi kugulitsa mankhwala, ankalangiza anthu kubwereza mawu amodzi abwino ka 20 m'mawa ndi madzulo, chapansipansi, akuwerengera pa chingwe cha mfundo 20. Mfundo yake inali yakuti kudzikakamiza kukalimbana ndi chithunzi chimene uli nacho m'mutu, chithunzicho ndi chimene chimapambana. Wosowa tulo aliyense akudziwa zimenezi: ukamati ndigone basi, ndigone basi, ndi pamene maso amauma gwa. Ndinatenga chidutswa cha chitenje chotsala pa diresi la kasitomala, ndinachipinda, kuchisoka, n'kumanga mfundo 20. Mawu anga ndi awa: ndikadzuka usiku ndipuma modekha, tulo tibweranso tokha. Mayi wina wa ku Chigwirizano atachiona m'chikwama anandifunsa ngati ndayamba kupemphera korona. Ndinawauza kuti ayi, pemphero langa lili pomwe linali, ndipo ndikamaliza kukhala chete ndi pamene ndimapemphera bwino, mawu osathamanga.

Sabata 9

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita ndi mwana wa mng'ono wanga ku Chentcherere, amodzi mwa malo 127 a zojambula pamiyala a ku Chongoni amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ndinkaganiza kuti pamalo a zii ngati amenewo, pansi pa thanthwe limene Akafula ndi makolo athu Achewa anajambulapo, maganizo akhala okha phee. Malowo ndi okongola, koma nyemba zikanakhalapo zikanasamuka zambiri kuposa kunyumba. Phokosolo ndinali nditapita nalo ndekha.

Sabata 10

Ili ndi tsamba limene ndalemba kwambiri, ndipo ndazengereza kuti ndiliike pano.

Manja akafunda ndimadziona m'maganizo ndikutsika phiri la Dedza m'kanjira ka m'mapaini, ndikuwerenga chobwerera kuchokera pa 10, sitepe iliyonse nambala imodzi. Ndikafika pa 1 ndimakhala pamalo amene ndasankha. Masiku onse ndinkasankha pamwala wina woyang'ana kumunsi. Tsiku limenelo ndinati ndipite kudimba lija, ndikaone chimene chimandikokera kumeneko m'mawa uliwonse. Ndinadzifunsa funso limodzi lokha, kuti kodi pamenepa chikundiwawa n'chiyani, ndipo ndinadikira osadziyankha msanga.

Ndinaona mizere ya kachewere, masamba ali ndi mame, kathini kakale kopanda chogwirira kali pambali pa chitsime. Ndinkayembekezera kuti mkwiyo ubwera, ndiwaona achimwene akulima pamene sipawo. Sizinatero. Chinabwera ndi mawu a amayi pafoni, Lachinayi lija, akuti, "Mwanawe, ubwere undione." Ine ndinayankha kuti, "Amayi, ndibwera Loweruka, ndimalize kaye madiresi a ukwatiwa." Anatisiya Lachisanu usiku. Amene anali pambali pawo, amene anawagwira dzanja ndi kuwatseka maso, ndi achimwene.

Ndinalira mpaka bulangete linanyowa. Dimba lija ndi laling'ono, sindinalilimepo chikwatiwireni, ndipo sindikulifuna n'komwe. Zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikuwasungira achimwene mkwiyo chifukwa choti iwo analipo, ine kunalibe. Kukangana za malire a munda kunali kopepuka kusiyana ndi kuyang'ana Loweruka limene ndinalonjeza lija.

Pano ndichenjezepo. Zimene munthu amaona ali mu hypnosis si umboni. Ubongo umatha kusoka zidutswa za masiku osiyana n'kupanga chinthu chooneka ngati chenicheni, ndipo hypnosis imachititsa munthu kukhulupirira kwambiri zimene wakumbukira ngakhale zili zolakwika. N'chifukwa chake sindinathamange nazo. Ndinafunsa mng'ono wanga ngati amayi anandiimbiradi Lachinayi, iye anati inde, ndi iyeyo amene anawagwirira foni. Komanso ngati mwayamba kukhala chete ndiye mukuona kuti chisoni chikukulirakulira, simukudya, kapena mukuganiza zodzivulaza, musalimbane nazo nokha pampando. Uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani kuchipatala.

Sabata 11 ndi 12

Manambala a sabata ino ali motere. Ndikukhala mphindi 25. Nyemba zikusamuka pakati pa 12 ndi 18, ndipo zambiri tsopano ndi za ntchito, poti makolo ayamba kale kubweretsa nsalu za mayunifolomu a Sepitembala. Manja onse awiri akufunda pasanathe mphindi zitatu, mapazi okha sanayambe. Pa masiku 14 apitawa ndadzuka usiku kasanu, ndipo kanayi tulo tinabweranso ndisanafike pa mfundo yomaliza ya chingwe. Masiku awiri ndinajomba chifukwa cha maliro a kwa aneba. Chimene ndikufuna kuphunzira mwezi wamawa ndi kuchita zimenezi mwachidule masana pakhonde, kasitomala akandipsetsa mtima, ndisanatsegule pakamwa.

Lachiwiri madzulo ndinaimba foni ku Bembeke. Inaitana kanayi.

"Achimwene, mwaswera bwanji?"

Panapita kanthawi. "Ndaswera bwino, kaya inu achemwali. Kwagwanji?"

"Kulibe chagwa. Ndimafuna ndibwere Loweruka ndidzakuoneni."

"Bwerani. Kachewere takumba, mudzatengeko wa ana."

Za amayi sindinanene pafoni, ndikanena tikakhala pansi. Ndagula shuga ndi sopo, ndipo ndawadulira shati pa nsalu yabuluu imene ndinkasunga. Miyezo yawo ndinaipeza kutsogolo kwa kope lomweli, ya zaka zinayi zapitazo. Ndasiya malo m'mbali kuti ngati ananenepa ndikamasule, ndipo tepi, singano ndi ulusi ndaika kale m'chikwama.