Tsiku limene foni yanga inaulula chinsinsi cha kalabu pa msika wa Lizulu

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a mbatata ya kachewere m'mudzi wina wa kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu. Anzanga anandisankha pa udindowu chifukwa chimodzi chokha, chakuti ndinali ndi foni yamakono yotha kulandira zithunzi ndi mauthenga a pa WhatsApp kuchokera kwa ogula a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Choncho ulemu wonse umene ndinali nawo pakati pa alimi anzanga unkakhala m'thumba la jekete langa, ndipo ndinkautchaja usiku uliwonse pa sola.

Kwa milungu ingapo foniyo inkandiumiriza kuti ndiike pulogalamu yatsopano yoiyendetsera, imene achinyamata amaitcha update, koma ine ndinkangoikankhira ku mawa ngati wangongole. Usiku wina wa mwezi wa Julayi, chisanu chitafika poumitsa zala, ndinagula bandulo ya usiku, n'kukhala pafupi ndi mbaula, n'kuvomera. Foni inazima yokha, kenako inaonetsa kamzere koyenda pang'onopang'ono ngati bilimankhwe wodwala. Mayi a kunyumba anasuzumira n'kufunsa kuti, "Bambo a ana, kodi foniyo mwaipha?" Ndinawayankha monyadira kuti ikubadwanso mwatsopano, ndipo ndinapita kukagona ndili ndi mtima wa munthu amene wachita chinthu chanzeru.

M'mawa kutacha ndinapeza meseji ya m'Chipwitikizi, ndipo ngakhale chilankhulocho sindinachiphunzire, ndinatolapo mawu akuti Moçambique n'kuzindikira kuti akundilandira ndi manja awiri m'dziko la eni, pamene ine ndinali ndisanatuluke n'komwe m'bulangete. Amene sadziwa kwathu kuno afunika kumva kuti msewu wa M1 pa Lizulu ndiwo malire a mayiko awiriwa: mbali ya kum'mawa ndi Malawi, ya kumadzulo ndi boma la Angónia m'chigawo cha Tete. Mafunde a netiweki sadinditsa pasipoti, motero foni ikasiyidwa kuti idzisankhire yokha, nthawi zina imakakamira nsanja ya tsidya linalo ikaona kuti ndiyo yamphamvu. Yanga inali itasamuka usiku womwewo osatsanzika. Intaneti inali itatseka, WhatsApp inangoti duu, ndipo tsiku limenelo ndi limene wogula wa ku Lilongwe ankabwera ndi lole kudzaona matumba athu.

Ndinayesa nzeru zonse zimene tinatengera kwa akatswiri a m'mudzi. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso, ndinachotsa simu khadi n'kuipukuta pa malaya, ndinaiuzira mpweya, ndipo pomaliza ndinakwera pa chulu cha kuseri kwa khola n'kuikweza m'mwamba ndi manja onse awiri ngati ndikupereka nsembe yopempha mvula. Agogo ena amene ankapita kudimba anaima n'kundifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Amene anandipulumutsa, kapena ndinene kuti amene anayamba kundikumbira dzenje lachiwiri, ndi mwana wa achemwali anga amene anali pa tchuthi. Mnyamatayu anaitenga foniyo mosaiopa n'komwe n'kunena kuti, "Amalume, pulogalamu yatsopanoyi yabweza zinthu zina mmene zinalili foni ili yatsopano. Poyamba inali yomangiriridwa pa netiweki ya kuno, tsopano yamasulidwa." Anafufuta zonse zokhudza malumikizidwe kuti ayambirenso, anasankha netiweki ya kwathu ndi dzanja, ndipo posakhalitsa chizindikiro cha 4G chinaonekera, mauthenga n'kuyamba kukhuthuka ngati chimanga cha m'nkhokwe yothyoka. Koma anandichenjeza kuti kufufuta kumeneku kumaiwalitsa foni mapasiwedi onse a Wi-Fi pamodzi ndi zipangizo zonse za Bluetooth zimene inkazidziwa, kotero kuti kachipangizo kanga komverera ka m'khutu kanafunika kukalumikizanso. Ine, poona kuti dzuwa lakwera, ndinamuuza kuti zazing'ono ngati zimenezo ndikathana nazo ndekha kutsogolo. Mpaka lero sindidziwa kuti kudzikhulupirira kumeneko ndinakutola kuti.

Kachipangizo ka m'khutu kameneka kanali kofunika kwambiri pa ntchito yanga. Apampando a kalabu yathu ndi achikulire amene miyendo imawavuta, ndipo pa tsiku la malonda amatsala kunyumba n'kumanditumizira malangizo kudzera m'mauthenga a mawu, ine n'kumamvera mwakachetechete wogula ali pomwepo osadziwa kanthu.

Nditafika pa msika ndinapeza wogulayo atafika kale, bambo wonenepa bwino wovala chipewa cha ubweya, akuzungulira matumba athu n'kumagwedeza mutu monga amachitira anthu amene akufuna kutsitsa mtengo. Titapatsana moni, foni inanjenjemera, ndipo ndinaona kuti ndi uthenga wa apampando. Ndinapempha kuti andidikire pang'ono, ndinalowetsa kachipangizo kaja m'khutu, n'kutsegula Bluetooth. Pamenepo panatuluka mndandanda wa mayina asanu ndi limodzi, onse a zilembo ndi manambala osatchulika, chifukwa pa msika pamakhala zipangizo zambiri ndipo Bluetooth imaona chilichonse chimene chili pa mtunda wa mamita pafupifupi 10. Dzina la kachipangizo kanga ndinali ndisanaliwerengepo chigulireni. Ndinadina lapamwamba, poganiza kuti chimene chili pamwamba ndicho chili pafupi ndi mwini wake, ndipo foni inavomera kuti yalumikizika.

Pafupi ndi pamene tinaimapo pali mnyamata wogulitsa mamemori khadi ndi matchaja, amene ali ndi sipika yaikulu ngati mtondo. Masipika otere akangokhala opanda foni yolumikizidwa amalandira aliyense wogogoda, osafunsa kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo nthawi imeneyo mwini wakeyo anali atapita ndi foni yake kukasintha ndalama.

Nditadina uthengawo m'khutu simunamveke kanthu, choncho ndinakweza voliyumu mpaka pamapeto. Kenako ndinamva mawu a apampando kumbuyo kwanga, amphamvu ngati a mlaliki wa pa msonkhano wa chitsitsimutso: "Alembi, mwafika kodi?" Ndinatembenuka msanga, ndinavula chipewa, n'kuyankha mwaulemu kuti, "Ndafika, apampando," ndikudabwa kuti miyendo yawo yachira liti. Kumbuyoko kunalibe munthu koma sipika, imene inapitiriza kulalikira msika wonse kuti: "Muyambire pa mtengo wokwera, ndipo musaonetse kuti tili ndi changu. Koma akakanitsitsa tsikani ndithu, chifukwa ngongole ya feteleza yatifika m'khosi. Matumba atatu a kumapetowo musalole kuti awakhuthule, pansi pake tinaikapo zing'onozing'ono. Bambo ameneyo ndi wovuta, chaka chatha anatilirira ngati wamasiye pamene mimba yake ikuoneka kuti sagona ndi njala."

Amayi ogulitsa kabichi ndi tomato anasiya kuitanira malonda. Anyamata a kabaza anayandikira. Ine, m'malo moimitsa uthengawo, chala changa chonjenjemera chinaubwezera poyambira, ndipo apampando anafunsanso dziko la Malawi ndi la Mozambique nthawi imodzi ngati alembi afika. Tsidya lina la msewu munthu wina anakuwa kuti, "Afika!" ndipo msika wonse unagwa nako kuseka.

Wogula uja yekha ndiye sanaseke. Anasisita mimba yake modekha, anayenda mpaka kumapeto kwa mzere, n'kuloza matumba atatu aja. "Achimwene," anatero, "tiyambe ndi awa kukhuthula, kenako tikambirane za feteleza wanuyo." Mtengo umene tinagwirizana tsiku limenelo sindiulemba pano, chifukwa ngakhale m'buku la kalabu ndinaulemba ndi zilembo zazing'ono kwambiri.

Madzulo ake ndinakafotokoza zonse kwa apampando. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi mawu awo ankamveka bwino pa sipikapo. Kuyambira pamenepo malangizo awo amabwera pa kapepala kopindidwa kanayi, konyamulidwa ndi mdzukulu wawo pa njinga.

Vuto limene latsala n'lakuti foni ndi sipika ija zinadziwana, ndipo zipangizo za Bluetooth zikadziwana zimafunafunana zokha. Kawiri konse ndadutsa pamalopo sipikayo ili yokha, foni yanga n'kuilumphira, ndipo ulendo wachiwiriwo msika unamva mayi a kunyumba akundikumbutsa za mchere ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Mwana wa achemwali uja anabwerera kusukulu asanandionetse pofufutira dzina la sipikayo, ndipo ine ndinalumbira kuti sindidzakhudzanso chilichonse cha m'kati mwa foni popanda mboni. Choncho ndikafika pa Lizulu masiku ano ndimawoloka msewu n'kudzera ku Mozambique, ndikadutsa pa benchi ya mamemori khadi ndimabwereranso ku Malawi, ndipo anyamata a kabaza akandiona patali amafunsana mokweza ngati alembi afika.