Juzi ya pa kaunjika ndi sapu ya Statistics

Juzi yanga ya Virginia ndinaigula pa kaunjika ndisakudziwa n'komwe kuti chilembo cha V chokhala ndi malupanga awiri opingasa pansi pake chikutanthauza chiyani. Ndinkangofuna chovala cha m'nyengo yozizira, ndipo mtengo wake unagwirizana ndi thumba langa. Mnzanga wina wa mu hositelo, amene ankasewera basketball, ndiye anandiuza kuti ndavala timu ya yunivesite ya ku Charlottesville, ku America, yotchedwa Cavaliers. "Ndiye uziisapota aise, wavala kale," anatero. Usapota wanga unayambira pomwepo. Ena timu amachita kutengera kwa bambo awo, ine ndinaitola m'belo.

Amene satsatira masewerowa ndiwafotokozere pang'ono. Chaka chilichonse m'mwezi wa March kumakhala mpikisano wa matimu a m'makoleji wa bungwe la NCAA, umene anthu amautcha March Madness. Mumalowa matimu 68, ndipo ndi wachipulula, ukagonja kamodzi umanyamula zikwama. Matimu amaikidwa m'zigawo zinayi, ndipo m'chigawo chilichonse amapatsidwa manambala kuyambira 1 mpaka 16 malinga ndi mphamvu zawo. Mu ndime yoyamba nambala 1 amakumana ndi nambala 16. Kuyambira 1985, pamene mpikisanowu unakula kufika matimu 64, masewero oterewa anali atachitika 135 kumbali ya amuna, ndipo onsewo anapambana ndi nambala 1.

A 136 anali athu. Usiku wa pa 16 March 2018 mumzinda wa Charlotte, kuno kukucha Loweruka cha m'ma 3 koloko, Virginia inakumana ndi UMBC, kasukulu ka ku Baltimore County kamene ambiri ankakadziwa chifukwa cha chess. Chaka chimenecho tinali titagonja kawiri kokha m'masewero 33. Wosewera wathu De'Andre Hunter anali atathyoka pa mfundo ya dzanja, koma palibe anadera nkhawa. Ndinagula bandulo ya usiku, ndinafunda bulangete, foni ndinaitsamiritsa pa kapu. Popita kokapuma zinali 21-21. M'chigawo chachiwiri UMBC inagoletsa mapointi 53, amene ndi pafupifupi mapointi omwe Virginia inkachinyidwa m'masewero athunthu chaka chimenecho. Jairus Lyles yekha anagoletsa 28, chonsecho miyendo ikumukoka. Zinathera 74-54. Juzi ija ndinaipinda n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi, chifukwa mnzanga yemwe uja anali atauza kale hositelo yonse.

Pasanapite nthawi yaitali zotsatira za mayeso zinatuluka, ndipo dzina langa linali pa mndandanda wa olemba sapu, mayeso obwereza a amene alephera, ya Statistics. Ndinali ndisanalepherepo mayeso chiyambire sitandade 1. Kwathu ndine amene ankanditchula podzudzula ana ena. Ndiye kuona dzina lako pa bolodi, anzako akuwerenga chapansipansi kenako n'kukuyang'ana, ndi chinthu chimene sindifunira munthu. Mawu akuti kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera, amene kale ndinkangowamva ngati nthabwala za anthu ena, anayamba kundidzutsa usiku.

Pokonzekera sapu imeneyo ndi pamene ndinamvetsa koyamba mutu umene unandigwetsa, wa kuchuluka kwa sample, ndiye kuti chiwerengero cha zinthu kapena maulendo amene wayesa. Ndinaumvetsera pa basketball osati m'buku. Kochi wathu Tony Bennett ankaseweretsa mpira wodekha kwambiri. Njira yake yotchinga, yotchedwa pack line, anaitengera kwa bambo ake a Dick Bennett. Wosewera mmodzi amakakamira amene ali ndi mpira, ena anayi amabwerera m'kati kutseka njira yopita ku chigoli, ndipo mdani amakakamizika kuponyera patali. Mpira ukakhala kwa ife sitinkathamanga. Timu imapatsidwa masekondi 30 kuti iponye, ndipo Virginia inkadya ambiri mwa iwo. Mapeto ake, m'masewero amodzi timu iliyonse inkagwira mpira maulendo pafupifupi 60, pomwe matimu othamanga amadutsa 70. M'ziwerengero za Ken Pomeroy, amene amasanthula masewero a m'makoleji, Virginia inkakhala kumapeto kwenikweni pa liwiro.

Tsono tengani ndalama yachitsulo. Mukaiponya m'mwamba ka 10, mwayi woti mbali imodzi imene mwasankha ituluke ka 7 kapena kuposerapo ndi 176 mwa 1,024, pafupifupi 17 peresenti. Zimachitika ndithu, mutha kuziona lero lomwe. Koma mukaiponya ka 100, mwayi woti mbaliyo ituluke ka 70 kapena kuposerapo ndi pafupifupi 4 mwa 100,000. Gawo lake ndi lomwelo, 7 mwa 10, koma maulendo akachuluka zodabwitsa zimasowa pobisala. Ndinakhala pansi mu laibulale ndi K10 yachitsulo, kuponya n'kumalemba, mpaka mayi woyang'anira mabuku anabwera kudzandifunsa ngati ndayamba juga. Tsiku limenelo ndinaona kuti timu yamphamvu imene imachepetsa maulendo ogwira mpira imadzichepetsera yokha mpata woonetsa kuti ndi yamphamvu. Wofooka amakonda masewero aafupi. UMBC inaponya mipira ya mapointi atatu 24 n'kulowetsa 12, ife tinaponya 22 n'kulowetsa 4 yokha.

Ndinasangalala kwambiri ndi nzeru yatsopanoyi moti ndinapita nayo ku ofesi ya alekichala athu. Ndinawafotokozera zonse, za Virginia, za ndalama, kenako ndinafika pamene mtima unali. Ndinati mayeso a maola atatu, a mafunso asanu, nawonso ndi sample yaing'ono, choncho kulephera kwanga mwina linali tsoka chabe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, magalasi ali pamphuno. Kenako anafunsa, "Timu yanuyo inagonja ndi mapointi angati?" Ndinati 20. "Nanga inu munaperewera ndi malikisi angati?" Ndinati 14. Anaseka pang'ono. "Achimwene, tsoka limafotokoza malikisi awiri kapena atatu. Khumi ndi anayiwo ndi anu."

Zinandiwawa, koma ananena zoona, ndipo zinali zoona kwa Virginia yomwe. Kuchepa kwa maulendo kumatsegula chitseko pang'ono chabe. Chimene chinachitika ku Charlotte n'chakuti titatsalira ndi mapointi 10, timu yozolowera kuyenda pang'onopang'ono inalibe giya ina. Anyamata anayamba kuponya mothamanga, kusiya malo awo, kuchita zimene sanazolowere. Inenso chimodzimodzi. Ndinali woloweza. Ma formula onse anali m'mutu, koma funso loyamba litabwera litavala zovala zachilendo, nkhani ya mbewu za chimanga m'malo mwa mipira ya m'thumba imene inali m'manotsi, mutu unaima, ndipo mafunso ena onse ndinawalemba ndi dzanja lonjenjemera.

Ndinasintha kawerengedwe. Ndinasiya kuwerenga manotsi mobwerezabwereza ngati Salimo. Ndinatolera mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, n'kumalemba limodzi m'mawa uliwonse, wotchi ili patebulo, buku lili lotseka. Masiku oyamba zinali zochititsa manyazi. Ndinagula kope lina lolembamo zolakwa zokhazokha, ndipo pambali pa cholakwa chilichonse ndinkalemba ngati chinabwera chifukwa chosadziwa, chifukwa chothamanga, kapena chifukwa chosamva funso. Gulu lachitatuli ndilo linadzaza masamba. Sapu ndinakhoza, osati mochititsa kaso, koma ndinakhoza.

Juzi ndinaitulutsanso mu March 2019. Masewero oyamba tinakumananso ndi nambala 16, Gardner-Webb, ndipo m'chigawo choyamba tinatsalira ndi mapointi 14. Ndinazimitsa foni, ndinatuluka panja, ndinazungulira hositelo kawiri. Nditayatsanso zinali zitayamba kusintha, ndipo tinapambana 71-56. Oklahoma ndi Oregon tinadutsa. Zimene zinatsatira ndi zimene zimandichititsa kulemba zonsezi patapita zaka.

Pa 30 March ku Louisville, mu ndime ya matimu asanu ndi atatu, tinakumana ndi Purdue. Carsen Edwards wa Purdue anali ngati wagwidwa ndi mizimu, anagoletsa mapointi 42, ena akuponyera kutali koti munthu wanzeru sangayesere. Kutatsala masekondi 5.9 tinali kumbuyo 70-67. Purdue inachita dala faulo pa wosewera wathu Ty Jerome kuti asaponye ya mapointi atatu. Anapatsidwa ma free throw awiri, kuponya popanda wotchinga kwa pointi imodzi imodzi. Yoyamba inalowa, yachiwiri inagunda chitsulo. Mamadi Diakite, mnyamata wathu wa ku Conakry ku Guinea amene anali atapaka tsitsi lake utoto woyera, anaumenya mpira uja chakumbuyo, ndipo unapitirira mpaka kuseri kwa mzere wapakati. Amene anauthamangira ndi Kihei Clark, wa chaka choyamba, wamfupi kuposa onse pabwalopo. Apa ndi pamene ndimabwezera kanema mpaka lero. Wina aliyense akanauponya kuchokera komweko n'kupemphera. Jerome ndi Kyle Guy anali pafupi, akuupempha. Clark anadumphitsa mpira kawiri, anadzutsa mutu, n'kuuponya ndi dzanja limodzi kwa Diakite amene anali yekha pafupi ndi chigoli. Diakite sanautsitse n'komwe, anangoukankhira m'mwamba. Belu linalira mpira uli m'malere. 70-70. Ndinakuwa mpaka wa chipinda choyandikana anamenya khoma. Mu nthawi yowonjezera tinapambana 80-75.

Patatha sabata, ku Minneapolis, Auburn inali patsogolo 62-60 pamene Samir Doughty anagunda Guy akuponya ya mapointi atatu pakona. Panatsala masekondi 0.6. Guy anapatsidwa ma free throw atatu. Analowetsa awiri, kochi wa Auburn Bruce Pearl anaimitsa masewero kuti mnyamatayo aganize kwambiri, koma wachitatu unalowanso. 63-62. Kenako pa 8 April, kuno kukucha pa 9, ndime yotsiriza ndi Texas Tech. Tinali kumbuyo 68-65 kutatsala masekondi osakwana 15, Jerome anapatsira Hunter pakona, Hunter yemwe uja amene chaka chapitacho anaonerera ali pa benchi, ndipo unalowa. Mu nthawi yowonjezera zinathera 85-77. Hunter anagoletsa 27, Guy 24. Chinali chikho choyamba cha NCAA cha timu ya amuna ya Virginia. Kunja kunali kutayera, anthu akupita kukasamba, ine ndili pakhonde ndi juzi ya pa kaunjika, misozi ili m'maso chifukwa cha sukulu imene sindinaipondepo.

Kwa miyezi ingapo nkhaniyi ndinkaikamba ngati ulaliki. Wagwa chaka chino, chaka chamawa wanyamula chikho, ndipo ine ndi sapu yanga ndinkadziika momwemo. Koma maphunziro omwe aja anandiwonongera ulalikiwo. Tiyerekeze kuti munthu amalowetsa ma free throw 8 mwa 10 alionse. Mwayi woti alowetse atatu motsatizana ndi 0.8 kuchulukitsa katatu, 0.512. Kusiyana kwake ndi kuponya ndalama m'mwamba n'kochepa. Onjezani mpira wa Diakite, umene ukanatha kugwera m'manja mwa wa Purdue. Onjezani kuti masekondi angapo Guy asanachitidwe faulo, Jerome anadumphitsa mpira, unamugunda phazi, anaugwira ndi manja awiri n'kuyambanso kudumphitsa, zimene ndi zoletsedwa, koma oyimbira sanaone. Masapota a Auburn akadali ndi mkwiyo, ndipo ine sindingawatsutse. Masewero atatu otsatizana tinali kumbuyo kutatsala masekondi osakwana 15. Kamodzi kokha zikanapendekera kwina, bwenzi anthu akunena kuti njira ya Bennett siingapambane mu March, monga ankanenera mu 2018.

Purdue yomweyo inandipatsa umboni wina. Mu 2023 inakhala nambala 1 wachiwiri kugonja kwa nambala 16, Fairleigh Dickinson, 63-58. Chaka chotsatira inafika mu ndime yotsiriza, aliyense akuti mbiri ya Virginia ikubwerezedwa, koma UConn, timu ya yunivesite ya Connecticut, inaikwapula 75-60. Khama linali lomwelo, manyazi oyambira anali omwewo, chikho sichinabwere.

Ndiye ndikamaonera kanema wa masekondi 5.9 aja masiku ano ndimagawa zinthu pawiri, monga ndinkachitira m'kope la zolakwa lija. Kumene mpira unagwera atauomba Diakite, umenewo ndi mwayi. Koma Clark kudzutsa mutu m'malo moponya mwamantha, chimenecho mwayi sungachifotokoze, ndipo n'chimene chinasowa ku Charlotte. Pa sapu yanga funso lachiwiri linali lachilendo kuposa la chimanga lija, la odwala pa chipatala. Ndikukumbuka kuti ndinaika cholembera pansi, ndinaliwerenga katatu, kenako ndinaona kuti ndi binomial wamba, masamu omwe aja a kuponya ndalama. Likanabwera funso la mutu wina umene ndinali ndisanaugwire bwino, mwina bwenzi nkhani ili ina.

Bennett anasiya ukochi mu October 2024, nyengo itatsala pang'ono kuyamba. Ndinamva nkhaniyi ndili ku ntchito, kumene tsopano ndimakhalira kukangana ndi anzanga amene amafuna kugamula nkhani yaikulu atafunsa anthu khumi ndi awiri okha. Madzulo ake ndinafunafuna juzi ija. Ndinapeza kuti mng'ono wanga anaitenga kalekale, amavala popita kumunda m'mamawa, ndipo lupanga limodzi linamatuka.