Zatha, dzina latsala m'manja mwanga. Alamu, ndilibe mawu

Chigamulo chafika dzulo madzulo pa imelo kuchokera ku bungwe la WIPO ku Geneva, lomwe limaweruza mikangano ya maina a mawebusaiti. Dandaulo la kampani ija alikana, dzina la webusaiti yanga likhalabe langa. Ndinawerenga katatu ndisanakhulupirire, kenako ndinangokhala pansi pakhonde, kukamwa kuli gwa. Ambuye, mwandiona ine kapolo wanu. Miyezi iwiri yathunthu ndakhala ndikungogubuduka pabedi, ndipo mayi a kunyumba akudziwa kuchuluka kwa nsima yomwe yabwerera kukhitchini osaikhudza.

Ambiri nkhaniyi mukuidziwa. Dzina la .com lija ndinaligula mu 2013 pomwe ndimayamba geni ya uchi. Ndi liwu la Chichewa chathu chomwechi. Kampani yakunja ija inadzalembetsa liwu lomwelo ngati chizindikiro cha malonda ake mu 2019. Ndiye tsiku lina kunabwera imelo ya munthu wooneka ngati wamba, yofunsa kuti dzinali mungagulitse zingati. Ine ndi nzeru za kumsika wa Tsoka, zoti umayambira pamwamba kuti wogula anenerere, ndinatchula madola 25,000. Ndinkaseka polemba. Patangotha masabata atatu imelo yomweyo ndinaiona itamatidwa m'dandaulo la maloya awo ngati umboni woti ndine tambwali wogwira dzina la eni kuti ndiwadyere.

Alamu anga a ku Johannesburg, akazi a achimwene, inu ndi amene mwandinyamula. Usiku umene ndinakutumizirani mapepala aja simunanditonze. Munangoti, "Alamu, kuyambira lero musayankhenso munthu aliyense pa nkhaniyi, ngakhale moni." Ndinu munandimasulira kuti mlanduwu si wa kukhoti koma wa ndondomeko yothetsera mikangano ya maina a mawebusaiti yotchedwa UDRP, imene bungwe la ICANN loyang'anira maina a pa intaneti linakhazikitsa mu 1999, yomwe aliyense wogula dzina la .com amaivomera podina kabatani kaja osawerenga. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndinasainira zoti a WIPO angandiweruze ndili ku Lilongwe. Munandionetsa ndime yomwe imati kufuna kugulitsa dzina kwa mwini chizindikiro pamtengo woposa zimene unawonongerapo kutha kuwerengedwa ngati umboni wa mtima woipa. Miyendo inazizira. Koma munati ndidekhe, chifukwa kampaniyo iyenera kutsimikiza zinthu zitatu zonse pamodzi: kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chawo, kuti ine ndilibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, komanso kuti ndinaligula ndi kuligwiritsa ntchito ndi cholinga choipa. Munafunsa mukuseka kuti munthu angakonzere bwanji chiwembu mu 2013 kampani imene chizindikiro chake chabadwa mu 2019.

Anatipatsa masiku 20 okha oti tiyankhe, dzinalo atalitsekera kuti lisasunthe. Inu masana muli kuntchito kwanu, usiku muli ndi ine pa WhatsApp mpaka nkhuku kulira, kuno magetsi atathima, ine ndikuunikira malisiti ndi tochi ya foni. Mayankho samayenera kupitirira mawu 5,000, ndipo munadula zodandaula zanga zonse, za sukulu fizi ya ana ndi zina, n'kusiya masiku ndi umboni basi. Zinandiwawa panthawiyo. Munali kulondola. Munapezanso zithunzi za webusaiti yanga za mu 2014 pa Wayback Machine, webusaiti yosunga zithunzi zakale za mawebusaiti ena, mabotolo a uchi ali ndandanda, zimene ine mwini ndinali nditaziiwala.

Mayi a kunyumba, zikomo chifukwa cha katoni ija ya pansi pa bedi imene ndakhala ndikukuuzani kuti muiotche. Malisiti a osindikiza mapepala omata pamabotolo anali momwemo. Zikomo a kwaya ya Lachinayi chifukwa cha mapemphero, ndi iwe mphwanga amene unkandigulira bando osandifunsa kuti ndibweza liti.

Tinkafuna oweruza atatu m'malo mwa mmodzi, koma zikanafuna kuti ine ndilipire theka la madola 4,000, ndipo mukudziwa mmene dola ikusowera kuno. Alamu munafuna kutulutsa zanu, ndinakana. Tinapita ndi mmodzi, mtima uli m'mwamba.

Koma inu amene tsiku lomwe ndinakuonetsani imelo yoyamba ija munkati "bwana, madola akafika musatiiwale", mafoni anu anadwala matenda amodzi onse dandaulo litangofika. Ena munkandiuza kuti ndingopereka dzinalo, mphawi salimbana ndi kampani. Ndakumvani. Sindikusunga mangawa, koma maina ndawasunga.

Tsiku lina nditafooka kwenikweni, alamu munandisimbira za Mike Rowe, mnyamata wa zaka 17 wa ku Canada amene anali ndi webusaiti ya MikeRoweSoft. A Microsoft atamuuza kuti amupatsa madola 10, iye anatchula 10,000, ndipo mtengowo ndi umene anadzamuloza nawo chala mu 2004. Munati msampha ndinagweramowu ndi wakale. Munandiuzanso zosakoma, poti simubisa: kupambana ku WIPO sikubweza ngakhale tambala ya zimene ndawononga, ndiponso sikuletsa kampaniyo kupita kukhoti. Ku America kuli lamulo la mu 1999 lolola khoti kulipiritsa munthu kuyambira madola 1,000 mpaka 100,000 pa dzina limodzi. Mukuti chaka cha 2013 chija chikunditchinjirizanso kumeneko, ndipo ndikugwira mawu anu. Ndinkalakalaka woweruza akanalemba kuti kampaniyo inafuna kundilanda dzina mwaukathyali, poti ndondomekoyo imalola kutero, koma sanafike pamenepo. Basi, zikhale.

Amati chibale ndi fupa sichiola, koma inu alamu munachita kubwera pakhomo pathu ndi ukwati, ndipo mwachita zimene a magazi amodzi sanachite. Ndalama mwakana. Mulungu wa kumwamba akukumbukireni inu ndi ana anu, akutsegulireni pamene patsekeka.

Dzina lija ndalilipiriratu zaka zina ziwiri m'mawa uno. Wina akadzafunsanso mtengo, imeloyo ndidzangoitumiza kwa inu osaiyankha. Mabotolo asanu a uchi wa ku Ntchisi anyamuka Loweruka pa basi ya ku Joni, ndipo amenewo musayerekeze kukana.