Zimene tinakamva ku Mzuzu

Gulu lathu la achinyamata a m'mipingo ndi m'mizikiti ya ku Area 25, ku Lilongwe, linaitanidwa ndi anzathu a ku Mzuzu amene amagwira ntchito yonga yathu, yoyanjanitsa anthu nyengo ya ndale ikafika. Tinanyamuka m'bandakucha pa minibasi kudzera ku Kasungu ndi ku Jenda, ndipo pa Chikangawa chifunga chinali chitakuta msewu, aliyense n'kuyamba kufunafuna juzi lake.

Anatilandira m'holo ya tchalitchi china ku Chibavi. Gulu lawo ndi losakanikirana: Atumbuka, Atonga, komanso anthu a ku Mangochi ndi ku Mulanje amene akhala mumzindawu zaka zambiri akuchita geni kumsika. Zokambirana zinali m'Chichewa. Ife tinali titakonzeka kufotokoza za masewero ndi mpira umene timakonza pofuna kukumanitsa achinyamata a zipani zosiyana, koma eni malo anatipempha kuti tiyambe tamvetsera.

Oyamba kulankhula anali abambo ena achikulire, opuma pantchito yauphunzitsi. Anatikumbutsa kuti mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya boma, ndipo chinabwereranso ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Mu 1989 boma la Kamuzu Banda linalamula kuti aphunzitsi abwerere m'zigawo za kwawo, ndipo iwo anali m'gulu la amene anasiya sukulu za m'chigawo chapakati mwadzidzidzi, ana awo n'kusokonezeka maphunziro. Anatchulanso za kota, njira yosankhira ana ku yunivesite potengera boma limene akuchokera, imene inabwezeretsedwa mu 2009 n'kudzathetsedwa mu 2020. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Ambiri a ife tinabadwa zambiri mwa izi zitachitika kale, ndipo m'makomo mwathu sizikambidwa. Ku Mzuzu zimakambidwa pamaliro, pachinkhoswe ndi pamzere wovota. Paja mlandu suwola.

Atakhala pansi, anaimirira mayi wina wachisilamu wogulitsa nsomba. Iwo anakamba za 1999, pamene zotsatira za chisankho zitatuluka kuti Bakili Muluzi wapambananso, mizikiti ina kumpoto inaotchedwa ndipo anthu ochokera kummwera anagona ndi mantha. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti mayiwa ndi abambo aja amakhala m'komiti imodzi. Palibe amene anauza mnzake kuti aiwale zakale, kapena kuti bala lake n'laling'ono. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene magulu ambiri a mtendere timaphonya: timathamangira kuimbitsa anthu nyimbo za umodzi asanatulutse za kukhosi.

Masana tinapita kumanda a ku Zolozolo, kumene kunaikidwa ena mwa anthu amene anaphedwa pa zionetsero za pa 20 July 2011, nthawi ya Bingu wa Mutharika, mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zitasowa. Dziko lonse linataya anthu 20, ndipo mzinda wa Mzuzu ndi umene unalira maliro ambiri. Tinapemphera, m'busa ndi shehe motsatizana.

Pobwerera kumeneko ndi pamene mkangano unabuka, ndipo unatifikitsa usiku. Mnzathu wina anati wokonda mtendere sayenera kupezeka pa zionetsero, chifukwa mapeto ake amakhala kuswa masitolo ndi utsi wokhetsa misozi. Anyamata a ku Mzuzu anakana kwamtuwagalu. Anati chikhala kuti anthu anangokhala chete, kalata ya maepiskopi achikatolika yodzudzula boma la Kamuzu ya mu March 1992 ikadathera m'matchalitchi, Chakufwa Chihana, womenyera ndale za zipani zambiri, akadaiwalikira kundende, ndipo riferendamu ya pa 14 June 1993, imene anthu anasankha zipani zambiri, sikadachitika. Anatchulanso chisankho cha 2019 chimene khoti linachithetsa pa 3 February 2020. Ine ndili kumbali yawo, koma chimene chinandikopa ndi ntchito imene amagwira zionetsero zisanayambe. Amaonetsetsa kuti okonza adziwitsa akuluakulu a khonsolo pasanathe nthawi imene lamulo limafuna. Amakumana ndi mavenda ndi akabaza, popeza iwowa ndi amene amayamba kuluza zinthu zikavuta. Amasankha anthu odziwika m'dera kuti aziyenda m'mbali mwa gulu. Mphekesera ikagwa pa WhatsApp kuti akuti a mtundu wakuti amenyedwa kumsika, amatuma munthu kukaona ndi maso asanayankhe chilichonse. Nkhani zikakula amazitengera ku makomiti a mtendere a m'maboma, amene lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022 linakhazikitsa.

Mnzathu uja sanasinthe maganizo, ndipo palibe anamukakamiza.

Tinagwirizana kuti ulendo wotsatira ndi wawo. Atipempha kuti tidzawatengere ku Msundwe, kumene mu October 2019 wapolisi anaphedwa ndipo amayi ndi atsikana anachitidwa nkhanza ndi apolisi, mpaka khoti linalamula kuti apepesedwe ndi ndalama. Anati ku Mzuzu dzina la Msundwe amangolimva ngati malo a anthu ogenda, ndiye akufuna akamve kwa eni ake. Komiti yathu ikumana Loweruka likudzali kuti isankhe anthu okapempha chilolezo kwa mafumu a kumeneko.