Shopu yathu ya zipangizo za njinga pa Lunzu

Ine ndi mayi akunyumba tinatsegula shopuyi mu 2009 ndi ndalama za nandolo. Timagulitsa matayala, machubu, masipoko ndi matcheni, ndipo makasitomala athu ambiri ndi anyamata a kabaza. Katunduyu timakapikula ku Kariakoo, mu Dar es Salaam, choncho dola ikatsokomola, ife timayamba kudwala.

Chaka cha 2011 sindidzachiiwala. Pa pepala dola inali yotsika mtengo, koma ukapita kubanki sumaipeza. Pulezidenti Bingu wa Mutharika ankakana kugwetsa kwacha monga bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko la IMF linkafunira, ponena kuti ovutika adzakhala amphawi. Mawuwo ndinkawamvetsa, chifukwa amphawiwo ndi omwe amagula kwa ine. Komabe mashelefu anatsala mbee! Tsiku lina mnyamata wina anafika akukankha njinga, chubu chili ndi zigamba zisanu ndi ziwiri, ine ndilibe chomugulitsa. Tinachimata kachisanu ndi chitatu pakhonde pomwepo.

Mu May 2012, Mayi Joyce Banda atangolowa m'boma, kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mafuta anabwerera m'mafilingi siteshoni, ifenso tinayambanso kupikula. Koma mitengo inakwera, anthu anadandaula kwambiri, ndipo pa chisankho cha 2014, nkhani ya Cashgate, ya kubedwa kwa ndalama za boma, ili mkamwamkamwa, mayiwo anakhala pa nambala yachitatu. Ndikukhulupirira kuti andale onse anaziona zimenezo n'kuzisunga mumtima.

Ndiye pake. Mtsogoleri amadziwa kuti mtengo wa sopo ndi feteleza umatsagana ndi munthu kukaponya voti, motero amaigwira kwacha mpaka manja atatopa, kenaka n'kuitaya kamodzin'kamodzi. Mu November 2023, nthawi ya a Lazarus Chakwera, kwacha inagwa usiku umodzi, dola n'kukwera mtengo ndi 44 peresenti. Ndalama zomwe tinasonkhanitsa kuti tikapikule matayala 100 zinangokwanira pafupifupi 70. Usiku umenewo mayi akunyumba anakhala ndi kope la ngongole pamiyendo mpaka tambala woyamba, osanena kanthu.

Voti ndimaikonda, ndipo pa 16 September 2025 ndinaima pamzere m'mamawa. Chimene ndimapempha aliyense wopambana n'chakuti azitiuza zoona msanga, kwacha iziyenda pang'onopang'ono, kuti wamalonda wamng'ono azitha kuwerengera za mawa.

Pano tikapeza kandalama sitisunga, timagula katundu tsiku lomwelo. Taikanso mmisiri wokonza njinga pakhonde, chifukwa masiku ano okonzetsa achuluka kuposa ogula zatsopano.