Kope limene ndinapita nalo ku Lusaka

Matenda angawa, multiple sclerosis, anayambira diso lakumanzere. Ndinadzuka ndikuona ngati m'nyumba mwadzaza utsi wa mbaula, ndikalitembenuza n'kumapweteka chakuseri. Patatha milungu itatu linayera lokha, ine n'kuiwala. Chaka chotsatira mwendo unachita dzanzi, mpaka patapata anandivuka pakati pa msika wa Kapata ku Chipata osamva n'komwe. Kukiliniki ina anandiyeza malungo kawiri, sanawapeze, anandipatsa panado. Azakhali yankho anali nalo kale: "Mwanawe, waponda mankhwala iwe."

Chimene chinandithandiza ndi kope lakale la mwana wanga. Ndinayamba kulembamo tsiku limene vuto layamba, mbali ya thupi, ndi tsiku limene latha. Musachipeputse chimenechi. Dokotala wa mitsempha amafuna kudziwa ngati matenda anagwira malo osiyana pa nthawi zosiyana, ndipo mutu sungasunge zonsezo.

Ku Chipata Central Hospital anayamba ndi kuyeza zimene zimafanana nawo: HIV, chindoko, kuchepa kwa vitamini B12, TB ya msana. Zonse zitatuluka bwino anandilembera kalata ya ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka. Ulendowo ndi wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, ndiye mufunsiretu ku NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, zimene khadi lanu limalipira musanakwere basi. Titafika pa mlatho wa Luangwa, kutentha kuja, mwendo unalemera ngati thumba la chimanga. Ndinalembanso m'kope.

MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, siipweteka. Umavula ndolo ndi chilichonse chachitsulo, n'kugona phee m'chimphanga chimene chimasokosa ngati chigayo. Nkhondo inabuka pa kuchotsa madzi a mumsana. Kwathu kuno ambiri amati ukangolola zimenezo sudzuka, ndipo amayi analira pafoni: "Musasaine, ndakupemphani." Ndinafunsa adokotala maso ndi maso. Anati ambiri amene anthu amawakumbukira anafika nawo mochedwa, matenda oumitsa khosi atawagwira kale, ndipo chinawatenga ndi matendawo. Ndinasaina. Ndinagona chammbali, mawondo pachifuwa, anabaya kaye wochititsa dzanzi, kenako singanoyo. Mutu unandipweteka masiku awiri ndikaimirira, ndikagona n'kumaleka. Basi.

Apa m'pamene anandiuza dzina la matendawa: multiple sclerosis, MS mwachidule. Adokotala ananditengera chitsanzo cha waya wamagetsi amene makoswe adya chikutiro chake. Chitetezo cha thupi langa lomwe chimadya myelin, chikutiro cha mitsempha ya muubongo ndi mumsana, ndiye uthenga umachedwa kapena kuthera panjira. Sapatsirana, komanso mankhwala ochiziratu kulibe.

Akabuka amandiika diripi ya methylprednisolone masiku atatu mpaka asanu. Imafupikitsa vutolo, koma m'kamwa mumamveka chitsulo ndipo tulo timathawa. Mankhwala ochepetsa kubukabuka ndiwo anatikhazika pansi usiku wonse ndi bambo a kunyumba. Jakisoni wa interferon amafuna firiji, nanga magetsi akazima tsiku lathunthu? Tinasankha rituximab, diripi ya pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, atayamba ayeza hepatitis B. Ndalama zake musandifunse, achimwene anagulitsa ng'ombe.

Mdani wanga weniweni ndi Okutobala. Thupi likatentha diso lija limachitanso chifunga, koma ndinaphunzira kuti sikubuka kwatsopano, ndikazizidwa limayera. Ndimaphika nsima ndi ndiwo dzuwa lisanakwere, nditakhala pampando. Masana ndimanyowetsa chitenje n'kuchikoleka m'khosi. Kutopa kwake anthu sakumvetsa, poti nkhope imaoneka yabwinobwino. Mnzanga wina wa ku kwaya anati, "Koma mayi, mwanenepa, mukudwala chiyani inu?"

Ndodo ndinaikana chaka chathunthu chifukwa cha manyazi, mpaka nditagwa pakhomo la tchalitchi. Tsopano imakhala kuseri kwa chitseko. Kope lija linadzaza, ndili pa lachitatu, ndipo azakhali ndi amene amandikumbutsa kulilongedza m'chikwama ulendo wa ku Lusaka ukayandikira.